Pomwe Nthaka Yavomera

"Popanda nsembe sitikumba, adokotala," anatero kapitawo wa amisiri. "Nthaka imadya munthu."

N'chifukwa chake Dokotala Villarroel, mkulu wa chipatala, anaitanitsa a Fulgencio Apaza, woombeza ndi masamba a chitsamba chotchedwa koka, kumsonkhano wa anthu a m'deralo wosankha malo omangapo nyumba yatsopano ya amayi oyembekezera.

A Fulgencio anayala kansalu kawo pansi mosafulumira. Mkazi wawo adafera pabenchi panja pa chipatala chomwechi, dokotala yemweyu atakana kumuona chifukwa choti adayamba wamwa mankhwala azitsamba.

"Changu, madala," anatero dokotala akuyang'ana wotchi. "Malo ndi kuseri kwa khitchiniko. Adalitseni, tizipita."

A Fulgencio anamwaza masamba aja n'kuwerama nthawi yaitali. Kenaka anapukusa mutu.

"Kuseri kwa khitchini nthaka yakana. Mukakumba kumeneko, muika maliro a mmisiri."

Anthu anayamba kung'ung'udza.

"Nanga yavomera pati?" anafunsa kapitawo.

A Fulgencio analoza nyumba ya chipatala yomwe dokotala ankakhalamo, ya khonde lagalasi ndi maluwa omwe ankathirira yekha m'mawa uliwonse.

"Zamisala!" anakalipa dokotala. "Ine ndizikagona kuti?"

"Paja munati osankha ndife, adokotala," anamukumbutsa mayi wina wobereka mwana.

Manja onse anakwera m'mwamba kuvomereza malo amene a Fulgencio analoza.

Pobwerera kunyumba, mlamu wa a Fulgencio anawanong'oneza: "Alamu, masamba aja anaterodi?"

"Kaya," anayankha a Fulgencio. "Maso angawa adasiya kalekale kuona masamba."