Ng'ombe ya Twambilile

Manase anaika fomu pa benchi la usipa la mlongo wake ku Chiweta.

"Saina apa, Twambilile. Gulitsa masheya akowo tigule ng'ombe ku Nkhamanga. Mtengo wa masheyawo wakwera kasanu, ukudikiranso chiyani?"

Anali masheya a kampani yolipirira zinthu pa foni. Pamene Twambilile ankawagula zaka zisanu zapitazo, Manase yemweyo anamuseka kuti wagula mphepo.

Mayi wina analipira usipa pa foni. Foni ya Twambilile inalira m'chitenje.

"Mwaimva, achimwene? Ng'ombe yanga ndi imeneyo. Imabereka tsiku lililonse, ndipo sifuna dibi."

Anatenga fomu ija, nakulungiramo usipa, n'kupatsa mayiyo.

"Yewo chomene, amama. Mubwerenso mawa."