Kabokosi Kolera Anapiye

Padangokhala Nkhanga, mayi wotopa ndi kulera anapiye asanu. Nyenga, kanyama kakutchire kokhala mu una, adamubweretsera kabokosi katsopano, komva mawu n'kumawabwereza.

"Make ana, kaphunzitseni kaitanidwe kanu. Kazikulererani, inu mukupalasa kumunda," adatero Nyenga.

Anapiye adakakonda kabokosiko, poti sikankakalipa ngakhale adzipake matope.

Tsiku lina masana, Nkhanga pobwerera adamva mawu ake omwe akuitana kuchokera mu una wa Nyenga. Anapiye anali atandanda kale, akulowa mmodzimmodzi.

"Ana inu, bwererani kuno! Mayi wanu ndine!" adakuwa mpaka mawu kusasa.

Kamwanapiye kotsiriza kadacheuka n'kumuyang'ana. "Amayi athu sakalipa choncho," kadatero, n'kulowa.

Mpaka lero Nkhanga amaitanabe kutchireko, ndipo unawo umamuyankha mokoma, ndi mawu ake.