Munda wa Kuseri kwa Chulu

Zikwakwa zinali zitayamba kale kulira m'dambo. Tichafa Gwenzi, kapitawo wa zaukhondo ku khonsolo, anaima pamwamba pa ngalande manja ali kumbuyo, akuyang'ana nsapato zake ngati waziona koyamba.

Chaka chilichonse mvula ikafika pakati, komiti ya zaumoyo inkasonkhana m'holo ya mzinda, kumwa tiyi, n'kugwirizana kuti chimanga cholimidwa kumunsi kwa lokeshoni chimabisa udzudzu ndi akuba. Chaka cha 1956 sichinasiyane ndi zinzake. Udzudzu sunaitanidwe kuti udzayankhe mlanduwo. Eni chimanga nawonso ayi. Mfundoyo inadutsa pakati pa nkhani ya zimbudzi za pamsika ndi ya agalu oyendayenda, ndipo makhansala atapita kwawo, inatsalira Tichafa ndi anyamata ake.

Chimangacho chinali chitabereka, ndevu zikufiira. Panangotsala pang'ono kuti ana ayambe kuwotcha. Amayi a mu lokeshoni anandanda m'mbali mwa njanji ya ku Bulawayo, makanda ali kumsana. Sanalire, sanatukwane. Tichafa ankalakalaka wina atamutukwanako.

Pakati pawo anaonapo duku yoyera ya Mai Rungano, ndipo anabweza maso msanga.

Zaka zapitazo, pamene Tichafa anatsika sitima mumzindamo, wopanda chitupa, wopanda m'bale, anamutola ndi mayi ameneyu. Ankagona pakhitchini pawo. Apolisi akabwera kudzasaka anthu opanda zitupa, Mai Rungano ankamukankhira kunsi kwa bedi n'kukhala pamwamba pake akubuula ngati odwala. Sadza, nsima yakumeneko, yomwe ankadya masiku amenewo inkachokera m'dambo lomweli, m'munda wa kuseri kwa chulu, ndipo mizere yake ankalima ndi iyeyo.

Kenako kunabwera yunifomu ya khaki, nyumba ya khonsolo, ukwati. Munthu wa khonsolo sapezeka pakhomo pomwe pamaphikidwa mowa mobisa, ngati pa Mai Rungano. Poyamba ankati akawaona Lamlungu. Lamlungu linachuluka. Mapeto ake akawaona mumsewu ankawerama n'kumamasula chingwe cha nsapato kuti achimangenso.

Anyamata ankatsika ndi dambo, mapesi akugwa kumbuyo kwawo, fungo la chimanga chachiwisi likukwera. Chulu chinkayandikira. Kuseri kwake mundawo unali wobiriwira kuposa yonse, wopaliridwa bwino, maungu akuyanga m'mizere. Tichafa anaganiza za msana wa mayi wokalambayo.

"Imani pomwepo!"

Zikwakwa zinaima m'malere.

"Malire a mzinda athera pa chuluchi," anatero. "Kuseriko si kwa khonsolo."

Dzingai, wamkulu mwa odulawo, anapukuta thukuta ndi chipewa. "Akapitawo, chaka chatha malire anali kumtsinje. Asamuka liti? Kapena chiswe chawakoka?"

Anyamata anaseka.

"Iwe Dzingai, unalembedwa ntchito yodula kapena yoyeza malo?"

"Yodula, bambo. Ine n'chikwakwa chabe, chogwirira ndinu." Anamwetulira moonetsa mpata wa mano. "Ndangoti munthu wanzeru amadziwa poimika malire."

Tichafa ankadziwa kuti masana mzungu woyendera adzafika pa njinga yake yamoto, ndipo ameneyo malire ankawadziwa ngati chikhatho chake. Yunifomu ikanatha kupita, nyumba n'kutsatira. Komabe kwa nthawi yoyamba tsikulo anapuma mpweya wofika pansi. Ngongole ya kunsi kwa bedi singathe ndi munda umodzi, koma munthu amayambira penapake.

Kunjanji kuja amayi aja anayamba kung'ung'udza. Wina anawomba m'manja kamodzi n'kuseka kuseka kowawa. "Taonani, anthuni! Osabisa n'komwe!" Tichafa anawamvetsa. Wako ukadulidwa, wa mnzako n'kutsala, nsanje siichedwa. Anangopempha mumtima kuti asawavutitse mayiwo.

Anyamata atakhala pansi kunola zikwakwa, iye anakwera mtunda. Amayi anamupatukira ngati wanyamula chidebe cha kuchimbudzi. Anavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, Mayi?"

"Ndadzuka, a khonsolo," anayankha Mai Rungano. Anali ataonda, atatsamira ndodo. "Lero nsapato zamangika?"

Mawuwo anamubaya, koma anawalandira. Anali ake.

"Ndinalakwa, Mayi. Sindikana." Anatsitsa mawu kuti ena asamve. "Koma wanu uja ndausiya. Zikandivuta masana, zindivute. Inu mukolole."

Mayiwo anayang'ana kudambo.

"Wanga uti, mwanangu?"

"Wa kuseri kwa chulu."

"Kumene kuja mawondo anga anakana kalekale. Masiku ano ndimalima kumtunda kuno, pafupi ndi msewu." Analoza ndi ndodo mulu wa mapesi omwe anali atayamba kale kufota. "Uwo."

Tichafa analoza kudambo. "Nanga wa kuchulu ngwa yani?"

"Ndinapatsa Sekesai, mkazi wako. Iye ndiye amabwera kudzanditungira madzi. Ankaopa kukuuza chifukwa cha yunifomuyo, koma lokeshoni yonse ikudziwa."

Tichafa anacheuka. M'dambo lonselo, kuyambira kumsewu mpaka kumtsinje, chimanga chomwe chinatsala chiimire chinali cha kapitawo wa khonsolo.