Chithunzi cha Apongozi

"Nanga ine ndili pati?" anafunsa mayi ake a Quitéria, zithunzi zonse za ukwati zitadutsa pakompyuta.

Elísio, mkamwini wawo, anayankha maso ali pansi. "Pepani amayi, si ine. Pulogalama yangayi ukaiuza kuti idule zithunzi kuyambira apa mpaka apo, chomalizacho imachisiya. Chilankhulo cha makompyuta cha Python chimatero basi."

Mayiwo anatuluka akung'ung'udza, kubwerera ku kachewere wawo.

Komatu Quitéria anamuyang'anitsitsa mwamuna wakeyo. Paja awiriwa anaphunzira limodzi za makompyuta ku Ulongwe, ndiye ankadziwa kuti kanjira kodulirako, __getitem__, Elísio analemba yekha.

"Zoona, chomaliza chimatsala," ananong'ona. "Koma inu, amayi anawaika kumapeto ndani?"