Phazi la Leonel pa Buleki

"Imani! Mlatho wakokoloka!" anakuwa Zélia, yemwe anakhala pambali pa dalaivala, Leonel.

Leonel anaponda buleki ya galimoto yatsopano ya ku mishoni. Chopondera chinayamba kugunda pansi pa phazi lake, gu-gu-gu, matayala akukwakwazika pamiyala ya msewu wa ku Mualadzi. Mabuleki a ABS amatero akamagwira, koma awiriwo sankadziwa.

"Buleki yafa!" anakuwanso Zélia. "Pondani n'kusiya, ndi mmene amachitira ku Zambia! Kapena mukufuna kutimaliza ife amene munatiphonya pankhondo?"

Leonel, yemwe kale anali msilikali, phazi sanalichotse. Galimoto inaima mphuno itasuzumira kale m'chigwembe.

Zélia anatsika. Pa nthawi ya nkhondo, Zélia asanathawire ku Zambia, mlongo wake anafera pamsewu womwewu ataponda bomba lokwirira pansi, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti linatcheredwa ndi gulu la Leonel.

"Mabuleki atsopanowa anakuphunzitsani ndani?" anafunsa mokalipa.

"Palibe, mayi. Kutchire tinkauzana kuti chinthu chikalira pansi pa phazi, usalinyamule."

Zélia anamuyang'anitsitsa, kenako analavula malovu pafumbi.

"Kani munkadziwa. Nanga mlongo wangayo bwanji simunamuuze?"