Akuti Ndi Tsabola

"Zilonda za m'mimba pa zaka khumi ndi zisanu?" anadabwa dokotala, akuyankhula Chingerezi. "Chikukusautsa n'chiyani, Yaretzi?"

Yaretzi anaulula zonse. Kusukulu amamukuwiza kuti abwerere kwawo ku Mexico, chonsecho anabadwira konkuno ku Phoenix. Tsiku lililonse amaweruka mtima uli m'mwamba, kuopa kupeza amayi ake, omwe alibe mapepala owaloleza kukhala m'dzikoli, atatengedwa ndi apolisi.

"Matenda akowa ndi nkhawa. Uwauze amayi akowa," anatero dokotalayo, akuloza mayiwo amene anakhala pambali pake.

Mayiwo, posamva Chingerezi, anamukodola. "Akuti chiyani, mwanangu?"

Yaretzi anayang'ana manja awo okakala ndi sopo wa m'nyumba za eni.

"Akuti ndi tsabola, amayi."

Atafika kunyumba, mayiwo anakhuthulira tsabola yense m'bini, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye kuti ndakudwalitsa ndine, mwana wanga."