Batani la Dzuwa

Estere anadina batani, dzuwa la m'gemu imene ankapanga n'kuzima. Msika wa Nsaru umene anaumanga pa laputopu unada bii, kutsala nyali zitatu zokha. Anali atavutika milungu iwiri kuti usana ndi usiku zizisinthana chonchi.

"Bambo, mwaona?"

A Gideoni, mkulu wa mpingo, anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi.

"Kwawala bwino, mwanangu. Mulungu wakupatsa manja."

Estere anadina, kunacha. Anadinanso, kunada. Nkhope ya bambo ake sinasinthe.

Apo anakumbukira Lamulungu lapitalo, mmene bambo akewo anawerengera salimo lonse paguwa osatembenuza tsamba, mpingo n'kumayamikira.

"Dzuwalo ndaliona," anatero a Gideoni akumwetulira. "Tsono undionetse usikuwo."